Ndinayankha Kuti Kaya

Khalani pansi nonse. Pilirani, foniyo ika m'thumba, apo ayi ndiiponya m'lichero la nandoloyu isendedwe pamodzi. Tamanda, usathawire kukhitchini, mbale zija watsuka kale, ndaziona pathandala. Khala apa pamene ndikukuona. Iwe Ndaona sendera uko, mkulu wako akhale kutsogolo, chifukwa nkhaniyi ndi yake ngakhale nonse muimva.

Lero kutchalitchi sindinaimbe n'komwe. Amayi anzanga a kwaya anachita kundifunsa ngati BP yakweranso. Sindinadwale ine. Ndakwiya, ndipo chandikwiyitsa ndi pepala ndagwirali.

Inu ang'onoang'ono simukulidziwa. Iyi ndi fomu ya sikolashipi. Kuli bungwe lina m'tauni limene limasankha ana ochepa okhoza bwino Fomu 4, n'kuwalipirira koleji mpaka kumaliza, pogona, chakudya, mabuku, zonse. Tamanda anakhoza, ahedi ake anachita kupalasa njinga okha kudzatiuza. Fomuyi ikuyenera kufika ku Blantyre mkuja, Lachiwiri, ndipo akaikonda adzamuitana kukacheza naye maso ndi maso. Ikalephereka imeneyi, koleji kulibe. Mayi ake amagulitsa tomato pa Lirangwe, ine ndili ndi mbuzi zitatu, ndipo ngakhale titagulitsa mbuzizo ndi khola lomwe sitingafike kulikonse.

Ndaipeza m'mawa uno pansi pa Baibulo, ndikufunafuna magalasi. Mumandiona ndi chitenje chonunkha utsichi n'kumaiwala kuti gogo wanu Chingerezi amachiwerenga kuposa ena a inu. Pa tsamba lachitatu pali bokosi lalikulu, theka la tsamba, ndipo akufunsa kuti tiuze chimene wachitapo kwanu, chimene chikukusiyanitsa ndi anzako. Mwana uyu theka la tsamba lonselo walembapo mzere umodzi, ndi pensulo, timalemba tating'ono ngati akuopa kuti pepala limva kuwawa. Akuti palibe chachikulu chimene ndachita, koma mukandithandiza ndidzayesetsa.

Palibe chachikulu. Ndawerenga katatu.

Pilirani, ndakuona ukutukula chala. Ndikudziwa chimene ukufuna kunena, ndinakumva dzana ukumunong'oneza mlongo wakoyu. Akuti pa Lirangwe pali mkulu wina wa makina osindikiza mapepala amene ali ndi kalata yolembalemba kale, amangosintha dzina. Ndinaionapo kalata imeneyo kwa mwana wa oyandikana nawo. Mwana aliyense wa dera lino akuti anayambitsa kalabu yodzala mitengo ndipo amadyetsa ana amasiye Loweruka lililonse. Mitengo yake ili kuti? Tikanakhala ndi mitengo yonse ili m'makalatamo bwenzi ndege zikusochera, osaliona bwalo la Chileka. Anthu amene amawerenga mafomuwa si zitsiru, akawerenga bodza limodzimodzi kakhumi amatopa nalo. Ndiye chala chakocho tsitsa. M'nyumba muno muli matenda awiri, wina akufuna kunena zimene sanachite, wina akubisa zimene anachita. Lero ndalimbana ndi achiwiriwa, chifukwa ndi amene anandidya ine.

Eya, ine ndemwe. Simunamvepo, chifukwa sindinauzepo munthu, ngakhale amayi anu.

Dzina langa ndine Elube, inu mumangodziwa kuti agogo. Kale ndinali kamtsikana kowonda, ka mutu waukulu, ndipo pa sukulu yathu panalibe wondiposa masamu, mnyamata kapena mtsikana. Masiku amenewo mtsikana wakumudzi kufika Fomu 4 chinali chinthu choti anthu amaloza ndi chala pamsika. Amene anandifikitsa kumeneko ndi malume anga, amene ankagwira ntchito ku njanji. Iwo analibe mwana wamkazi, ndiye anati uyu ndiye wanga, aphunzire. Tinkawerenga ndi koloboyi, utsi wake m'mphuno bii, ndipo mafuta akatha tinkawerenga masana pansi pa mtengo wa mango mbuzi zikudya. Inu magetsi a sola akangothima pang'ono mumati lero sitiwerenga.

Ndisanapitirire, mumve kaye kumene tinachokera, chifukwa popanda zimenezo muziti amayi anga anali munthu woipa, pamene sanali. Agogo anga anachokera ku Mozambiki wapansi, atasenza ana ndi mbewu ya kalongonda m'kansalu. Kuno anafikira m'minda ya azungu, kulima thangata, malo osakhala awo. Ankawatcha dzina lija lonyoza limene sindifuna kulitchula pakhomo panga. Munthu wokhala pamalo a eni amaphunzira msanga kuti ukatukula mutu akuthamangitsa. Kapitawo akafunsa kuti walima ndime iyi ndani, sunkayankha kuti ndine, chifukwa sukudziwa ngati akufuna kuyamika kapena kukwapula. Unkati kaya, bwana. Liwu limenelo linawapulumutsa agogo anga, iwo n'kupatsira amayi anga, pamodzi ndi kaphikidwe ka kalongonda. Kalongonda uja inu mumamukana kuti amachedwa kupsa, ife tinakulira yemweyo, kumuwiritsa tsiku lathunthu n'kumataya madzi kuti asatiledzeretse. Amayi anandiphunzitsa zonse ziwiri bwinobwino, kuphika ndi kuyang'ana pansi.

Chaka chimene ndinalemba mayeso a Fomu 4, malume anamwalira. Zotsatira zitatuluka, ahedi athu, a Makwinja, anandiitana pamodzi ndi mnzanga Asiyatu. Asiyatu anali mwana wa Chisilamu, bambo ake anali ndi kasitolo pafupi ndi siteshoni, ka mchere, sopo, singano ndi mafuta a nyali. Tinkakhala desiki imodzi. Iye Chingerezi cholankhula ankachitha, koma masamu ankamuzunguza mutu, ndipo ndinkamuphunzitsa ine kuseri kwa sitolo, iye n'kumandilipira zitumbuwa. A Makwinja anatiuza kuti kuli bungwe limene likufuna mtsikana mmodzi wa dera lathu woti akaphunzire unamwino ku koleji, lidzalipira zonse. Anatumiza mayina awiri, langa ndi la Asiyatu, ndipo tinayenera kukaonekera ku Blantyre.

Unamwino ndinkaufuna, ana inu. Ndinkaufuna mpaka kumalota ndavala zoyera. Mng'ono wanga anafera m'manja mwa amayi panjira yopita kuchipatala, ine ndikuyenda pambuyo nditanyamula mtolo wa nsalu, ndipo kuyambira tsiku limenelo ndinkadziwa chimene ndikufuna kudzakhala. Mukumbukire zimenezi, chifukwa zibweranso.

Tsiku la ulendo ndinasita diresi langa ndi nsimbi ya makala, yobwereka kwa akazi a ahedi, amene anandibwerekanso nsapato zapulasitiki zimene zinkandithina zala. Nsapatozo ndinazinyamula m'manja mpaka kusiteshoni kuti zisade. Amayi anandikulungira chigumu m'tsamba la nthochi n'kundiperekeza. Dzuwa linali litangotuluka, udzu uli ndi mame. Panjira ponse amayi sananene za unamwino ngakhale kamodzi. Ankangobwereza chinthu chimodzi.

"Ukakafika kumeneko ukagwade, wamva? Usakawayang'ane m'maso akuluakulu. Akakakuyamikira usakavomere, mwana wamkazi sadzitama. Asakanene kuti ana a kwathu alibe mwambo."

"Ndamva, amayi."

Ndinamvadi. Vuto langa moyo wanga wonse linali limenelo, ndinali mwana womva.

Sitima ya masiku amenewo inu simunaikwere. Mipando yathabwa, nkhuku pansi pa mipando, amayi ogulitsa nzimbe pa zenera. Asiyatu njira yonse ankangolongolola, kufunsa wogulitsa matikiti kuti tifika nthawi yanji, kutsutsana ndi bambo wina za mtengo wa nsomba zouma. Ine ndinkachita naye manyazi. Mumtima ndinkati mwana uyu akakalankhula chonchi kumene tikupitaku akamubweza pakhomo, ndipo ndinkamumvera chisoni.

Anayamba kuitana ine. Chipinda chake chinali chachikulu, pansi ponyezimira. Kuseri kwa tebulo kunali anthu atatu, mayi wachizungu wa magalasi a chingwe, bambo wina wa tayi, ndi mayi wachikuda wovala zoyera za unamwino, zomwe zija ndinkalota. Pakati pa chipinda anaikapo mpando umodzi, wopanda munthu. Mpando umenewo anaikira ine. Ine ndinagwada pakhomo pomwepo, n'kuwomba m'manja pang'onopang'ono, kenako ndinasendera n'kukhala pansi, pambali pa mpandowo.

"Khala pampando, mwanawe," anatero bambo wa tayi.

Ndinakhala m'mphepete mwenimweni, maso pa nsapato zobwereka zija. Mzungu anandifunsa m'Chingerezi, ndinamva liwu lililonse, koma ndinangopotokola m'mphepete mwa diresi langa. Mayi wa zoyera uja anandichitira chifundo n'kuyamba kundifunsa m'Chichewa.

"Ahedi ako alemba kuti pa sukulu yonse palibe wokuposa masamu. Ndi zoona?"

"Kaya."

"Kaya bwanji? Sukudziwa mmene unakhozera?"

"Timangoyesera, mayi."

Ndinamva pepala likutembenuzidwa.

"Alembanso kuti amayi a m'mudzi mwanu umawathandiza. Umawathandiza chiyani?"

Ana inu, masiku amenewo amuna ambiri a kuno anali ku Joni, ku migodi. Makalata awo akabwera, akazi awo sankatha kuwerenga. Ankabwera kwa ine. Kuyambira ndili Sitandade 6 ndinkawerenga makalata a mudzi wonse ndi midzi iwiri yoyandikana nayo, n'kulemba mayankho. Ndinkadziwa amene mwamuna wake wavulala mwendo, amene wakwatira kwina, amene mwana wake wabadwa miyezi yosagwirizana ndi ulendo, ndipo sindinatulutsepo chinsinsi cha munthu ngakhale chimodzi. Mayi wina ndinamuwerengera kalata ya maliro a mwamuna wake, n'kumugwira mpaka abale ake atafika, ine ndili ndi zaka khumi ndi zinayi. Ngati pali chimene namwino amafunika kukhala nacho, si chimenecho? Zonsezo zinali pakamwa panga, zikukankha mano.

"Palibe chenicheni, mayi," ndinatero.

"Nanga unamwino ukuufuniranji?"

Mng'ono wanga uja anabwera m'maso mwanga, nsalu imene anamufunditsa, fumbi la panjira. Koma kunena zimenezo kunali ngati kudzionetsa, ngati kupempha ndi misozi. Ndinameza.

"Mmene mungaonere akuluakulu."

Basi, zinathera pomwepo. Sindinakhalemo nthawi yoti madzi a tiyi n'kuwira. Ndinagwadanso potuluka, ndipo mumtima ndinali wokondwa, mukumva? Ndinkati ndasonyeza mwambo, amayi akanandiona akananyadira.

Asiyatu analowa n'kukhalitsa. Ine panja ndinkamva kuseka, mpaka mzungu yemwe. Atatuluka ndinamufunsa kuti amaseka chiyani.

"Ndawauza kuti ndakhala ndikuyeza mchere m'sitolo ya bambo kuyambira ndili Sitandade 3, ndipo sindinamuberepo munthu pasikelo, ndiye mankhwala sindingalakwitse muyezo. Ndawauzanso kuti magazi sindiopa, nkhuku za kwathu akachinja ndimakonza ndine."

"Iwe, wanena zimenezo kwa akuluakulu?"

"Nanga si anandifunsa? Andifunsanso za masamu, ndawauza kuti amandivuta koma amandiphunzitsa ndi Elube, yemwe watuluka uja."

"Ndiye anati chiyani?"

"Anangoyang'anana."

Patapita milungu itatu a Makwinja anandiitanitsa. Ndinawapeza ataima pakhonde la ofesi, kalata m'manja, ndipo sanandiuze n'komwe kuti ndikhale.

"Elube, unakawauza chiyani anthu aja?"

Ndinayang'ana pansi.

"Atenga Asiyatu. Za iwe alemba kuti mtsikanayu ndi waulemu kwambiri, koma sakuoneka kuti akudziwa chimene akufuna. Ine ndinalemba masamba awiri athunthu za iwe. Za masamu, za makalata a ku Joni, zonse. Iwe unapita kukawauza kuti palibe. Wandisandutsa wabodza pamaso pa anthu, ndipo wadzitsekera wekha chitseko."

Bambo amene uja sindinamuonepo atakwiya chotero, ndipo anali ndi misozi m'maso. Nditafika kunyumba ndinawapeza amayi akusenda chinangwa cha makaka. Ndinawafotokozera zonse, mmene ndinagwadira, mmene ndinayankhira, ndi zimene zalembedwa m'kalata. Anapitiriza kusenda. Kenako anati, "Bola sunatichititse manyazi."

Mawu amenewo mpaka lero akandibwerera ndimafuna kuswa mbale. Amayi anga ndinkawakonda, ndinawasamala mpaka tsiku lawo lomaliza, ndinawasambitsa ndi manja angawa. Koma pa chinthu chimenechi sindinawakhululukire msanga, ndipo sindikubisirani.

Asiyatu sindinamukwiyire, musaganize choncho. Sanandibere kanthu. Anafunsidwa, anayankha zoona, ndipo anatchula ngakhale dzina langa mmene ine mwini ndinalephera kulitchula.

Chaka chotsatira ndinakwatiwa ndi agogo anu aamuna, a Tomasi, amene ankanyamula katundu ku bwalo la ndege ku Chileka. Munthu wabwino, wosamwa, koma wokonda bawo kuposa chakudya, Pilirani anatengera kumeneko ulesi wakewu. Ntchito zina zinalipo kwa mtsikana wa Fomu 4, ukalaliki, uphunzitsi, koma kulikonse kunali chipinda ndi mpando pakati, ndipo ine ndinali nditaopa mipando. Ana anabwera motsatizana, zaka zinapita. Pomaliza a Tomasi anandipezera ntchito yokolopa pabwalo pomwepo, imene siinkafuna kufunsidwa mafunso. Ndinakolopa pamenepo mpaka msana uwu unapindika. Ndinkawerenga zikwangwani zonse, ndinkathandiza azungu osochera m'Chingerezi chabwino, iwo n'kumadabwa kuti wamopu akulankhula.

Tsiku lina masana ndikukolopa pafupi ndi pokwerera, ndinaona mayi wonenepa bwino, nsapato zazitali, mpango wake wa silika kumutu, chikwama chachikopa m'manja. Ndinamuzindikira ndi kayendedwe. Ndinatembenuka kuyang'ana kukhoma kuti adutse, koma iye anaima.

"Elube? Ndiwe Elube iwe?"

Anandikumbatira ndi yunifolomu yanga yonyowayo, anthu akuona. Anati akupita kunja kukawonjezera maphunziro, tsopano ndi mkulu wa anamwino pa chipatala china. Kenako anayang'ana mopu, n'kuyang'ana ine.

"Moyo ukuyenda bwanji, mnzanga?"

Mukudziwa chimene ndinayankha? Ndinati, "Tikuyesera." Ndi mopu m'manja, mtima ukutuluka magazi, ndinamwetulira n'kunena kuti tikuyesera. Ndege yake itanyamuka ndinalowa m'chimbudzi cha akazi, chimene ndinali nditangochitsuka, n'kulira mpaka kapitawo anagogoda.

Asiyatu anabweranso pa maliro a agogo anu aamuna, tonse tili ndi imvi. Anakhala nane pamphasa masiku awiri. Apo n'kuti iyenso atakhalapo kuseri kwa matebulo aja, kusankha ana. Ndinamufunsa kuti kodi mumayang'ana chiyani makamaka. Anandiuza kuti ana onse amene amafika pampando paja amakhala okhoza kale, mapepala awo amafanana, ndipo aulemu ndi onse. Chimene amadikira kumva ndi chinthu chimodzi chimene mwanayo anachita ndi manja ake, chaching'ono kaya chachikulu, achinene yekha ndi pakamwa pake, kuti iwo adziwe kuti akamupatsa malowa adzawagwiritsa ntchito. Anati ambiri akumudzi amabwera ndi zinthu zikuluzikulu m'mimba n'kubwerera nazo osazitula, ndipo iwo sangasankhe chimene sanachimve. Ndinangogwedeza mutu, sindinamuuze kuti akunena ine, ngakhale ankadziwa.

Tsopano tibwere kwa uyu wakhala apa akukumba pansi ndi chalayu.

Ndaona, madzi amene wasamba m'mawa uno unatunga kuti? Kumjigo. Pilirani, chaka chija mjigo unafa chilimwe chonse, tinkamwa chiyani? Madzi a mumtsinje, momwe ng'ombe zimamwa, ndipo iwe Ndaona unatsegula m'mimba mpaka maso analowa, tinakuthamangitsira kuchipatala pa kabaza. Amakaniki ankati abwera mawa, abwera mawa, miyezi inayi. Atabwera, amuna onse anakhala pamthunzi kumacheza za mpira. Amene anaima padzuwa tsiku lonse kuwagwirira sipanala ndi kuwafunsa dzina la kachitsulo kalikonse anali ndani? Anali mtsikana wa Fomu 1, uyu.

Chaka chotsatira mjigo unayambanso kutulutsa madzi pang'onopang'ono, kupopa kakhumi kuti ndowa inyowe pansi. A komiti anati tidikire amakaniki. Mwana uyu anapita kwa apampando a komiti, n'kuwauza kuti chatha ndi karabala ka pansi, akagule ku Lunzu, iye asintha. Anamuseka. Amayi anayi okha ndi amene anamukhulupirira, n'kumuthandiza kusolola ndodo zachitsulo zija imodziimodzi, kuziyala paudzu mwa ndondomeko kuti zisasokonezeke. Ine ndinaima poteropo ndi ndodo yanga, kuopa kuti akagwetsera chitsulo m'dzenjemo mudzi wonse utitukwana. Dzuwa lisanapendeke madzi anatuluka, odzaza mpopi. Kuphatikizapo ulendo umenewo, wakonza mjigowo katatu, wakonzanso wa kusukulu ya pulayimale, ndipo amayi awiri a komiti anawaphunzitsa, tsopano amasintha okha iye akakhala kusukulu. Chimene akufuna kukaphunzira ku kolejiko ndi zomwezo, za madzi. Kuyambira chilimwe chija m'mudzi muno simunamwenso madzi a mumtsinje.

Ndiye munthu ameneyo akutenga pensulo n'kulemba kuti palibe chachikulu.

M'mawa uno nditawerenga, ndinamuitana kuchipinda. Anabwera n'kugwada pakhomo, bwinobwino, mmene amachitira. Ndinamukalipira. Ndinati ichi n'chiyani, ukufuna kudzakalamba ukugulitsa tomato pambali pa mayi ako, wakulodza ndani kuti uzidzichepetsa chonchi. Anandisiya ndilankhule mpaka mpweya unandithera. Kenako, maso ali pansi, ndi mawu aang'ono, anati:

"Agogo, si mmene munandiphunzitsira?"

Ndinati ine? Liti?

"Tsiku lija ndili Sitandade 5."

Ndinali nditaiwala, ana inu. Iye sanaiwale. Linali tsiku lotsekera sukulu, pakhonde pano panali alendo, akuluakulu a mpingo atatu, ndikuwapatsa thobwa. Kamtsikana aka kanabwera kakuthamanga, fumbi kumapazi, lipoti m'mwamba, osagwada, osapereka moni, kakufuula kuti agogo ndakhala nambala wani, ndaposa anyamata onse. Alendo anaseka. Ine nkhope inatentha ndi manyazi. Ndinakagwira padzanja, kupita nako kuseri kwa nyumba, n'kukamenya ndi mthiko kumiyendo kawiri. Ndinati ukudzitama pamaso pa alendo, wakuphunzitsa ndani, mwana wamkazi satero, munthu akakufunsa za sukulu uzinena kuti tikuyesera. Kanabwerera pakhonde kakugwetsa misozi, kanagwada, ndipo mkulu wina atafunsa kuti wakhoza bwanji mwanawe, kanati, "Tikuyesera." Alendo anayamikira kuti mwana waleredwa bwino, ine n'kumva kukoma.

Ine, Elube, amene liwu limenelo linandilanda diresi loyera n'kundipatsa mopu. Ndinalisunga zaka zonsezo ngati mbewu, n'kudzalidzala mwa mdzukulu wanga ndi mthiko. Ndiye mukandiona ndakwiya lero, musaganize kuti ndakwiyira Tamanda, kapena amayi anga amene anagona kale, kapena akapitawo a thangata. Onsewo ndawakwiyira pang'ono. Koma amene ndikufuna kumumenya ndi mthiko ndi nkhalamba yakhala pamphasayi.

Tamanda, ndinalakwa. Sindinanenepo mawu amenewa kwa mwana, ndipo sindibwereza, ndiye uwasunge. Ulemu sindikuuchotsa pakhomo pano, musasangalale enanu. Mudzapitiriza kupereka moni, kulandira ndi manja awiri, kugwadira akulu. Koma munthu akakufunsa kuti wachita ichi ndani, ndipo wachita ndiwe, kuyankha kuti kaya si ulemu, ndi bodza. Agogo anga ankanama choncho kuti asakwapulidwe, anali ndi chifukwa. Iwe ukuopa chikwapu cha ndani?

Pilirani, lowa m'nyumba utenge mpando uja wa agogo ako aamuna, wa manja uja. Inde, womwewo umene sindilola munthu kukhalapo. Uike apa pakati pa bwalo. Ndaona, bweretsa labala ndi bolopeni m'chikwama chako, pensulo ayi, zimene tilembe lero sizifufutidwanso.

Tamanda, dzuka. Khala pampandopo. Ayi, osati m'mphepete, ndikukuona, khala mpaka msana ugunde kumbuyo. Manja chotsa pakamwa. Ine ndikhala pansi pompano, ndine mzungu wa magalasi a chingwe, ndine bambo wa tayi, ndine mayi wa zoyera, onse atatu. Tukula mutu. Nsapato zakozo sizikufunsa kanthu, akufunsa ndine. Ndiyang'ane m'maso, sindikuluma, mano anatha.

Mwanawe, tamva kuti kwanu mjigo unafa ndipo wina anaukonza. Anaukonza ndani?

Sindinamve. Milomo ndaiona ikugwedera, koma makutu awa akalamba, ndipo tebulo la ku Blantyre ndi lalitali. Usayang'ane Pilirani, sakuseka, akasekanso aona. Anakonza mjigo ndani?

"Ndine, agogo."

Chotsa agogoyo, kumeneko kulibe agogo ako. Bwereza, amve ndi mayi ako kumsika.

"Ndine. Ndinaukonza ine, katatu."

Eya.

Ayi, musandigwire, palibe chandilowa m'maso, ndikulira basi, munthu saloledwa kulira pakhomo pake? Liwu limenelo linayenera kutuluka pakamwa panga ndili ndi nsapato zobwereka, ndipo ndalidikira mpaka mano atha. Fufuta mzere uja, Tamanda. Yambira pa chilimwe chimene mng'ono wako anatsala pang'ono kufa, ulembe za sipanala, za karabala ka ku Lunzu, za amayi anayi aja ndi mayina awo. Bokosilo likachepa, tipempha pepala lina kwa ahedi. Ndipo usatsike pampandopo mpaka utamaliza.